Kodi roller coaster ndi yotetezeka kwa mwana wa zaka 9 ndi kwa munthu wa BP?

Bambo wa ku Nchalo

Ndikupereka moni kwa inu nonse a m'chigwa chathu, pamodzi ndi inu amene muli kutali. M'mwezi wa Disembala, ana akatsekera sukulu, ine ndi mayi a kunyumba tikupita ku Johannesburg kukaona mwana wathu woyamba amene amagwira ntchito kumeneko, ndipo tikutenga mdzukulu wathu wa zaka 9, wobadwa kwa mwana wathu wamkazi. Mwana wathu wa ku Joniyo walonjeza kuti adzatitengera ku Gold Reef City, ndipo watumiza kale kanema pa WhatsApp woonetsa sitima zija amazitcha roller coaster, zimene zimakwera m'mwamba kwambiri, n'kutsika mothamanga, n'kuzondotsa anthu mutu pansi miyendo m'mwamba. Chionereni kanemayo mdzukuluyo sakukamba nkhani ina, koma agogo ake aakazi anenetsa kuti mwana wa eni ake sangakwere chinthu choterocho iwo akuona.

Ine sindifuna kumukaniza mwana chinthu chifukwa cha mantha anga okha, komanso sindifuna kumuika pangozi chifukwa choopa kumukhumudwitsa. Ndiye ndikupempha amene mukudziwa mundifotokozere. N'chiyani chimene chimagwira sitimayo kuti isachoke panjanji pamene yazondoka? Nanga magetsi atazima anthu ali m'mwamba, monga amachitira kuno kwathu ngakhalenso ku South Africa komweko, chingachitike n'chiyani? Kodi mwana wa zaka 9 amaloledwa kukwera? Ndipo ine ndemwe, amene ndili ndi zaka 58 ndipo ndimamwa mankhwala a BP tsiku lililonse, kodi ndingakwere naye kuti asakhale yekha, kapena ndingoima pansi n'kumaonerera?

Mphunzitsi wa sayansi, Nsanje

Bambo, ine ndiyankha mbali ya mmene makinawa amagwirira ntchito, popeza mfundo zake ndi zomwe timaphunzitsa kusekondale, koma za BP ndiwasiyira achipatala.

Sitima ya roller coaster ilibe injini m'kati mwake. Poyamba unyolo wachitsulo, woyendetsedwa ndi injini yamagetsi imene ili pansi, umaikoka pang'onopang'ono mpaka pamwamba pa chikweza choyamba, ndipo ikafika pamenepo unyolowo umaisiya. Kuyambira apo mpaka kumapeto imayenda ndi mphamvu yokokera zinthu pansi yokha. Inu amene mudaonapo anyamata akutsetsereka ndi njinga pamapiri a Thabwa pochokera ku Blantyre, osapalasa ngakhale kamodzi, mfundo imeneyi mukuidziwa kale: kukwera kumasunga mphamvu, ndipo kutsika kumaisandutsa liwiro. Sitima imene yatsika mamita 30 imafika pansi ikuthamanga pafupifupi makilomita 85 pa ola. N'chifukwa chake chikweza choyamba chimakhala chachitali kuposa zotsatira zonse, pakuti mphepo ndi kukhulana kwa mawilo ndi njanji zimadya mphamvuyo pang'onopang'ono. Zilipo zina zimene sizikokedwa ndi unyolo koma zimachita kukankhidwa mwamphamvu poyambira, monga Formula Rossa ya ku Abu Dhabi, imene idatsegulidwa mu 2010 ndipo imafika makilomita 240 pa ola, mwakuti okwera amavala magalasi oteteza maso.

Tsopano funso lanu lalikulu. Sitima ya pamtunda imene timaidziwa, yonga ija inkadutsa ku Bangula ndi ku Makhanga, imangokhala pamwamba pa njanji chifukwa cha kulemera kwake. Roller coaster ndi yosiyana, chifukwa bogi lililonse lili ndi mawilo a mitundu itatu amene amaikumbatira njanji: ena amayenda pamwamba pake kunyamula katundu, ena amayenda m'mbali kuti bogi lisapatuke pokhota, ndipo ena amayenda kunsi kwa njanji kuti bogi lisanyamuke. Mawilo a kunsiwa adawalembetsa kuboma la America ngati luso lake katswiri wina dzina lake John Miller mu 1919, ndipo ndiwo adachititsa kuti kukhale kotheka kumanga zitunda zotsetsereka kwambiri. Choncho ngakhale sitima itaima chilili itazondoka, siingagwe, chifukwa siichoka panjanji pokhapokha zitsulo zitamasulidwa kapena kuthyoka.

Munthu amene wakhala pampando naye amagwiridwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi chitsulo chotsekera chimene chimatsika paphewa kapena pantchafu, ndipo chimakhomeka mwakuti wokwera sangachitsegule yekha sitima ili paulendo. Chachiwiri ndi liwiro lenilenilo. Thupi loyenda limafuna kupitirira molunjika, koma njanji imakhotetsa sitima mosalekeza, motero mpando umakukanikizani ngakhale pamene mutu uli pansi. Mukaonetsetsa kanema amene mwana wanu watumiza, muona kuti malo ozondokerawo si ozungulira ndendende, koma ndi otambasuka kumunsi ndi opanikizika kumwamba. Akale adayesa ozungulira ndendende ndipo anthu ankavulala makosi, chifukwa kukanikiza kwake polowa kunali koopsa. Kapangidwe kamene kakugwiritsidwa ntchito lero kadabwera ndi akatswiri a ku Germany, Werner Stengel ndi Anton Schwarzkopf, pa sitima yotchedwa Revolution imene idatsegulidwa ku California mu 1976.

Za kuzima kwa magetsi, mtima wanu ukhale pansi, chifukwa opanga makinawa adaziganizira kale. Phokoso lija la "kha-kha-kha" limene limamveka sitima ikamakwera ndi la kachitsulo kamene kamakola m'mano achitsulo a panjanji, ndipo ntchito yake ndi yakuti unyolo ukaima kapena kuduka, sitima isabwerere m'mbuyo. Ikaima pamenepo, ogwira ntchito amatsitsa anthu pamasitepe amene ali m'mbali mwa njanjiyo. Ngati yadutsa kale pamwamba, sifunanso magetsi, imangomaliza ulendo wake. Mabuleki ake adapangidwa kuti azikhala otseka nthawi zonse, ndipo mphamvu imafunika powatsegula, osati powatseka, kotero magetsi akazima iwo amagwira. Ma roller coaster ambiri atsopano alinso ndi mabuleki a maginito amene safuna magetsi n'komwe.

Mwina mungakondwe kudziwa kuti masewerawa ali paubale ndi ntchito ya m'migodi. Ku Pennsylvania kudali njanji ya Mauch Chunk yotsitsira malasha kuchokera kuphiri kuyambira mu 1827, ndipo patapita nthawi anthu adayamba kulipira kuti angokwera n'kumva liwiro lake. Imene idamangidwa dala kuti isangalatse anthu ku Coney Island, ku New York, mu 1884, inkathamanga makilomita pafupifupi 10 okha pa ola.

Wa ku Ngabu wokhala ku Joni

Amalume, ine kwathu ndi ku Ngabu koma ndimagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo ku Gold Reef City ndimapitako ndi ana anga. Aphunzitsi afotokoza bwino za zitsulo, ine ndikuuzani zimene mukaone ndi maso.

Malowa adamangidwa pamgodi wakale wa golide umene udatsekedwa mu 1971, pafupi ndi Apartheid Museum, ndipo si ma roller coaster okha amene ali kumeneko. Zoopsa kwenikweni ndi zitatu. Anaconda ndi ija imene njanji ili pamwamba pa mutu, mipando ikulendewera kunsi, miyendo ili m'malere, ndipo imazondotsa anthu kangapo. Golden Loop imakankhidwa mwadzidzidzi, n'kuzondoka chakutsogolo, kenako n'kubwereranso chafutambuyo kudutsa pomwepo. Tower of Terror imakukwezani pamwamba n'kukugwetsani molunjika mpaka kulowa pansi pa nthaka ngati mukulowa mumgodi, ndipo imeneyi sindingamulangize aliyense kuti ayambire pamenepo. Palinso zina zofatsa zimene mabanja amakwera pamodzi, zosazondotsa munthu, ndipo mdzukulu wanu ayambire kumeneko.

Pankhani ya mwana, iwo sawerenga zaka, amayeza msinkhu. Pakhomo pa sitima iliyonse pali choyezera, ndipo m'malo ambiri otere sitima zikuluzikulu zimafuna kuti mwana akhale wamtali pakati pa mamita 1.2 ndi 1.4, malinga ndi mtundu wa sitimayo. Mumuyeze mwanayo kunyumba musananyamuke, kenako mwana wanu aone pa intaneti msinkhu umene ukufunika pa sitima iliyonse, kuti mwana adziwiretu zimene adzaloledwe ndi zimene sadzaloledwa, asakalire pamzere anthu akuona. Ndikupempheni ndi mtima wonse kuti musayese kumuveka nsapato zazitali kapena kunyengerera woyeza kuti amulowetse. Chitsulo chotsekera chija chidapangidwira thupi la msinkhu wakutiwakuti, ndipo mwana wochepa amatsala ndi mpata umene sufunika kukhalapo.

Za zovala, mayi akafuna kukwera ngakhale zofatsazo avale buluku kapena siketi yolimba m'malo mwa chitenje, duku alimange kwambiri kapena alivule, ndipo nonse muvale nsapato zomanga, chifukwa patapata amagwa. Foni, chipewa, ndalama zachitsulo ndi magalasi musiyire amene watsala pansi. Foni ikapulumuka m'manja sitima ikuthamanga, imatha kuvulaza munthu wa kumbuyo kwanu kapena amene waima pansi, ndiye musalole kuti mnyamata wanu ajambule ali m'sitima.

Posankha mpando, kwa woyamba kumene pakati ndiye pabwino. Kutsogolo kumaopsa maso chifukwa mumaona phompho lonse, koma kumbuyo ndi kumene thupi limamva kwambiri, chifukwa mabogi a kutsogolo akayamba kutsika amakoka a kumbuyo mwaliwiro podutsa pamwamba, ndipo mumamva ngati mukunyamuka pampando. Ulendo wonse umatenga mphindi imodzi kapena ziwiri, pamene kudikira pamzere m'nyengo ya tchuthi kumatha kupitirira ola. Mukafike m'mawa potsegula, makamaka chifukwa mu Disembala ku Joni kumagwa mvula ya mabingu chakumasana kapena madzulo, ndipo ziphaliwali zikayamba amaimitsa sitima zazitali.

Mayi wogwira ntchito yachipatala, Chikwawa

Bambo, yankho langa lokhudza inuyo ndi lakuti musakwere zikuluzikuluzo, pokhapokha dokotala amene amakuonani atakuyezani n'kukulolani, ndipo ngakhale atatero ine ndingakonde kuti mukhalebe pa zofatsa. Pakhomo pa sitima zotere pamakhala chikwangwani chochenjeza anthu a BP, a matenda a mtima, a vuto la msana kapena khosi, amayi oyembekezera ndi amene achitidwa opaleshoni posachedwa. Chikwangwanicho chidaikidwa pa zifukwa zenizeni.

Sitima ikafika pansi pa chitunda n'kuyamba kukhotera m'mwamba, thupi limakanikizidwa pampando ndi mphamvu yoposa kulemera kwake katatu kapena kanayi, kwa masekondi ochepa. Panthawi imeneyo magazi amathamangira kumiyendo ndipo mtima umavutika kuwakweza kumutu, n'chifukwa chake ena amaona mdima kwa kanthawi. Mantha nawo amathamangitsa mtima ndi kukweza BP, ndipo zimenezi zimayamba munthu akadali pamzere. Kwa wachinyamata wathanzi thupi limabwerera mwakale msanga. Kwa munthu amene mitsempha yake yakhala ikulimbana ndi BP kwa zaka, kapena amene ali ndi vuto la mtima limene silinadziwike, kusintha kwadzidzidzi kumeneku kungayambitse kugunda kwa mtima kosalongosoka kapena sitiroko. Si kawirikawiri, koma zikachitika mumakhala muli kudziko la eni, kumene chithandizo chake chingadye ndalama zambiri.

Musanapite mukayezetse BP, ndipo mutenge mankhwala okwanira ulendo wonse pamodzi ndi buku lanu lakuchipatala. Tsiku lopita kumasewerako musadumphitse mankhwala. Kumbukiraninso kuti mudzakhala mutayenda pabasi ulendo wautali kudzera ku Tete, Harare ndi Beitbridge, ndipo kuti Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere, pamene chigwa chathu chili pansi kwambiri. Munthu wochokera ku Nchalo amatha kumva phuma masiku oyambirira, choncho mupume kaye masiku angapo.

Mwanayo, ngati ali wathanzi, alibe khunyu kapena vuto la mtima, ndipo msinkhu wakwana, angathe kukwera ndi malume ake. Adye chakudya chopepuka, asakwere ali ndi njala kapena atangokhuta kumene, ndipo azimwa madzi. Mumuuze kuti atsamiritse mutu kumpando ndipo ayang'ane kutsogolo maso ali otsegula, chifukwa nseru ndi chizungulire zimabwera pamene zimene maso akuona zikusiyana ndi zimene ziwalo za m'kati mwa khutu zikumva. Akatsika akhale pansi pang'ono asanakwerenso ina. Aliyense mwa inu akamva kupweteka pachifuwa, mutu waukulu wadzidzidzi, dzanzi mbali imodzi ya thupi kapena kusanza kosalekeza, mukauze ogwira ntchito nthawi yomweyo kuti aitane achipatala.

Agogo a ku Bangula

Ine ndili kumbali ya mayi a kunyumba kwanu, ndipo ndikuona kuti nkhawa yawo tisaichepetse. Aphunzitsi alankhula ngati makinawa salakwa, koma mwana wanga amene amakhala ku England adandiuza za ngozi imene idachitika ku Alton Towers mu 2015, pamene sitima yodzaza ndi anthu idawomba inzake imene idaima panjanji, ndipo atsikana awiri adadulidwa mwendo aliyense. Dziko limenelo ndi la malamulo okhwima ndi akatswiri ambiri, komabe zidachitika.

Chinanso n'chakuti mwanayu ali ndi mayi ake ndi bambo ake. Musananyamuke muwaonetse kanemayo ndipo anene okha ngati akulola, kuti chisankho chisakhale cha agogo okha. Mwana amene akulimba mtima poonera pafoni akhoza kusintha maganizo ataima pansi pa chitsulocho n'kumva anthu akukuwa. Akanena kuti sakufuna, pasapezeke womuseka kapena womuuza kuti mwamuna saopa, ndiponso musamukakamize chifukwa choti tikiti yalipiridwa kale.

Mphunzitsi wa sayansi, Nsanje

Agogo, ngozi imene mwatchulayo idachitikadi, pa sitima yotchedwa The Smiler m'mwezi wa Juni 2015, ndipo ndi bwino kuti bambowa adziwe chimene chidaichititsa.

Njanji ya roller coaster imagawidwa m'zigawo, ndipo kumapeto kwa chigawo chilichonse kuli malo amene sitima ingaimitsidwe. Kompyuta siilola sitima kulowa m'chigawo ngati inzake isanatulukemo. Tsiku limenelo bogi lopanda anthu, limene adalitumiza poyesa njanji, lidalephera kumaliza ulendo n'kuima pakati panjira. Kompyuta idazindikira zimenezi ndipo idaimitsa sitima ya anthu monga mmene idayenera kuchitira. Koma amisiri adaganiza kuti kompyuta yalakwitsa, sadatsimikize kuti njanji yonse ili yopanda kanthu, ndipo adailamula pamanja kuti sitimayo ipitirire. Khoti lidapeza kuti kampani ya Merlin, mwini malowo, idalephera kukhazikitsa ndondomeko zoyenera ndi kuphunzitsa bwino antchito ake, ndipo mu 2016 idalipitsidwa chindapusa cha mapaundi 5 miliyoni.

Ndiye ndikugwirizana nanu kuti ngozi ndi yotheka, ndipo nthawi zambiri imadzera mwa anthu: wokonza amene wadumpha ndondomeko, woyendetsa amene sadayang'ane chotsekera, kapena wokwera amene wabisa matenda ake. Bambo sangathe kuyeza zitsulo za njanji, koma pali zimene angathe kuona ali pansi. Aime kaye n'kuonerera maulendo angapo, aone ngati ogwira ntchito akuyenda mpando ndi mpando kukoka chotsekera chilichonse ndi manja sitima isananyamuke, ngati akuyeza ana mosakondera, ndiponso ngati maso awo ali pantchito osati pafoni. Mwana akakhala pampando, malume ake akankhe chotsekeracho mpaka chigwire thupi, ndipo ngati chikuoneka cholobodoka akweze dzanja n'kunena sitima isanayambe kuyenda, chifukwa ogwira ntchito amayenera kubwera kudzaona. Ngati chilichonse mwa zimenezi sichikukhutiritsani, chokani pamzerewo.

Bambo wa ku Nchalo

Ndathokoza nonse, ndipo mayankho anu ndawawerengera mayi a kunyumba mawu ndi mawu. Mdzukuluyo tamuyeza pakhoma ndi tepi ya atelala, ndipo wakwana mamita 1.28, choncho ndatumiza nambalayo kwa malume ake kuti aone sitima zimene angaloledwe. Mayi ake ndi bambo ake tikambirana nawo Lamulungu likudzali monga mwanenera agogo a ku Bangula. Ine ndikayezetsa BP sabata yamawa, ndipo zikuluzikuluzo sindikwera.

Achimwene a ku Ngabu, ndifunsenso chimodzi. Popeza ine ndi mayi tidzangoyenda ndi kuonerera, kodi pali zina zimene anthu a msinkhu wathu angachite tsiku lonse, ndipo kodi tikiti yathu ndi yofanana ndi ya okwera?

Wa ku Ngabu wokhala ku Joni

Amalume, mitengo ndi mitundu ya matikiti zimasintha nyengo ndi nyengo, choncho mwana wanu aone pa intaneti sabata yomwe mukupitayo, aonenso masiku amene amatsegula, ndipo ngati n'kotheka agulire pomwepo kuti musakaime pamzere kawiri. Zochita za akuluakulu zilipo. Misewu ndi nyumba za m'katimo adazimanga motengera Johannesburg ya nthawi imene golide adapezeka, cha m'ma 1880, pali zoonetsa za mbiri ya migodi imene agogo athu ambiri a kuno adagwirako ntchito pa nthawi ya Wenela, ndipo pali wilo lalikulu lozungulira pang'onopang'ono limene mungakwere pamodzi ndi mayi n'kuona mzinda muli m'mwamba. Mamita 1.28 ali m'malire, ndiye mumuuziretu mwanayo kuti sitima zina akhoza kubwezedwa pakhomo, ndipo kuti choyezera cha pamalopo ndicho chidzagamule, osati tepi ya kunyumba.